Kaundula wa M'thumba

Anthu ambiri akamva za gulu lankhondo amaganiza za mfuti, za nsapato zonyezimira ndi za ng'oma zapaperete. Ndi ochepa amene amaganiza za pepala. Komatu msilikali amabadwira papepala. Tsiku limene mnyamata walembedwa usilikali, asanagwire n'komwe mfuti, dzina lake limalowa m'kaundula ndipo amapatsidwa nambala. Kuyambira pamenepo chilichonse chomuchitikira chimatsata nambalayo: malipiro ake, bulangete limene walandira, malungo amene wadwala, udindo umene wakwezedwa, chilango chimene wapatsidwa. Akamwalira, pepala lomwelo ndilo limanena kuti mkazi wake ndani, ana ake ndi angati, ndipo ndalama zake zipite kuti. Msilikali wopanda pepala, ngakhale atamenya nkhondo zaka khumi, boma silimudziwa.

M'mudzi wina wa kufupi ndi Domasi, m'boma la Zomba, muli mkulu wina amene adatha zaka 25 akusamala mapepala oterewa. Adalowa usilikali mu 1971 ndipo adapuma mu 1996, koma mpaka lero anthu sawatchula dzina lawo kapena udindo wawo wausajeni. Amangoti a Kalaliki. Iwo dzinali saipidwa nalo. Amati pa zaka zonsezo mfuti ankaiwomba pamaphunziro pokha, pamene cholembera sichidachoke m'manja mwawo ngakhale tsiku limodzi.

Ofesi yawo idali kachipinda ka zenera limodzi. Mudali makina otayipira, mapepala a kaboni, chidindo, botolo la inki ndi makabati achitsulo anayi. Kalata iliyonse inkatayipidwa patatu: kope loyamba linkapita kulikulu, lachiwiri linkalowa m'failo ya mwini wake, ndipo lachitatu, lofwifwa kale lisanatuluke m'makina, linkatsala muofesi. Sajeni amene adawaphunzitsa ntchito adali wa m'nthawi ya King's African Rifles, ndipo adawasiyira lamulo limodzi limene sadaliiwale: kalaliki asasiye mpata wopanda kanthu m'kaundula. Ngati palibe cholemba, ajambulepo mzere ndi rula, kuopa kuti dzanja lina lingadzalembepo zake. Kuyambira mu 1987, pamene asilikali a dziko lino ankalondera njanji yopita ku Nacala nkhondo ya ku Mozambique ili m'kati, a Kalaliki adatayipanso makalata a mtundu wina, aja amene mthenga amakapereka atavula chipewa.

Adani a pepala amawadziwa onse ngati mmene mlimi amadziwira mbalame za m'munda mwake wa mapira. Chiswe chinkadzera pansi n'kudya failo kuyambira m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Makoswe ankakonda m'mphepete momwe mudamatidwa ndi ulimbo. Chinyezi cha m'munsi mwa phiri la Zomba chinkamatitsa masamba nthawi ya dzinja, inki n'kuyenderera mpaka 3 kuoneka ngati 8. Koma mdani wamkulu adali dzanja la munthu. Akukumbukabe mayi wina wamasiye amene adabwera ndi mwana kumbuyo kudzalondola ndalama za malemu mwamuna wake. Pakalata yolembedwera ntchito dzina la malemuyo lidali ndi chilembo cha r, pakalata yaukwati lidali ndi l, ndipo maofesi awiri akutali adakanirira kuti awa ndi anthu awiri. Makalata adayenda uku ndi uku, mvula idagwa n'kukata, idagwanso n'kukata. Pamene ndalama zinkatuluka n'kuti mwana uja akuyenda yekha, ndipo mayiyo atagulitsa mbuzi zake zonse polipirira basi.

Chimene chidawachititsa kuti ntchito yooneka yozizirayi aitenge ngati ya moyo ndi imfa ndi nkhani ya kwawo. Agogo awo aamuna, bambo a bambo awo, adatengedwa mu 1917 kukasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya Chiwaya, nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Adasiya mkazi ali ndi pakati ndipo sadabwerere. Akatswiri a mbiri amati amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland adagwira ntchito yautengatenga pankhondoyi, kusenza ufa, zipolopolo ndi mahema kudutsa m'mapiri ndi m'madambo potsata asilikali a General Northey amene ankathamangitsa Ajeremani a von Lettow-Vorbeck. Ambiri adafa ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, n'kukwiriridwa m'mbali mwa njira popanda chizindikiro. Banja la a Kalaliki silidalandire kalata iliyonse. Lidangomva kwa mnzawo wina wobwerera kuti adawasiya akudwala kwinakwake kutsidya kwa nyanja. Ndipo ngati padali pepala lililonse la boma lotchula dzina lawo, mwayi wolipeza udachepa kwambiri mu 1919, pamene moto udapsereza maofesi akuluakulu a boma la atsamunda ku Zomba pamodzi ndi zolemba zambiri za m'zaka zam'mbuyomo.

Mu Epulo 2021 bungwe losamala manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission lidatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso ofika 350,000, ambiri mwa iwo a mu Africa, amene adafa potumikira Britain pankhondoyi sadakumbukiridwe ndi mayina awo, kapena sadakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya zachitetezo ya dzikolo, a Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo ku London. A Kalaliki atamva zimenezi pawailesi sadanene zambiri. Chimene chidawagwira mtima n'chakuti chiwerengero chenicheni sichikudziwika, kusiyana kwa nambala ziwirizo n'kwa anthu oposa 200,000, ndipo agogo awo ali penapake mumpata umenewo.

Ngakhale amene mayina awo adalembedwa mosamala, pepala silidawasunge onse. Mu Sepitembala 1940 mabomba a Ajeremani adagwera nyumba yosungiramo mafailo a asilikali ku Arnside Street mumzinda wa London, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mafailo a asilikali a Britain a nkhondo yoyamba adapsa. Pa 12 Julaye 1973 moto udabuka m'nyumba yosungiramo mafailo a asilikali a America ku St. Louis n'kuwononga mafailo apakati pa 16 ndi 18 miliyoni, opanda kope lina kwina kulikonse. Zaka makumi ambiri pambuyo pake, nkhalamba zimene zidamenya nkhondo ku Ulaya ndi ku Korea zinkavutika kupereka umboni wakuti zidavalapo yunifolomu.

N'chifukwa chake a Kalaliki sali m'gulu la achikulire aja amene amanyoza chipangizo chilichonse chatsopano. Kompyuta ya m'manja adaiona bwinobwino koyamba mu Sepitembala 2018, pa kalembera wa anthu ndi nyumba amene adapeza kuti dziko la Malawi lili ndi anthu oposa 17.5 miliyoni. Aka kadali koyamba kuti owerenga anthu ayende ndi matabuleti m'malo mwa mitolo ya mafomu, ndipo mdzukulu wawo wamkazi adali mmodzi mwa owerengawo. Madzulo ena adamupempha kuti awaonetse.

"Akazi anga, mayina onsewa mukawasenza bwanji kupita nawo kuofesi?"

"Sasenza agogo. Ndikangofika pamene pali netiweki amapita okha."

"Nanga mukadumpha funso?"

"Kamakana kupitirira. Ndikalemba kuti mwana wa zaka zitatu ali pabanja, kamandifunsa kuti ndionenso."

A Kalaliki adakatembenuza kachipangizoko uku ndi uku, akuganiza za makabati awo anayi ndi za mayi wamasiye uja. Kenaka adafunsa kuti, "Nanga kiyi wa kabati yake amasunga ndani?"

Mtsikanayo adaseka nati, "Kabati yake itinso agogo?"

Iwo adasekanso, koma funsolo silidawachoke.

M'magulu ankhondo a mayiko olemera, kusinthaku kudayamba kale, ndipo kudayamba chifukwa cha vuto limene kalaliki aliyense angalizindikire. Nkhondo ya ku Gulf ya mu 1991 itatha, asilikali ambiri a America adabwerera kwawo akudandaula kutopa kosatha, kuphwanya kwa m'mfundo ndi kuiwalaiwala. Madokotala pofuna kudziwa kuti munthu adabayidwa katemera wanji, adamwa mapiritsi anji ndipo adali pamalo ati tsiku lakuti, adapeza kuti zolemba zambiri zachipatala zidali zoperewera kapena zidasokonekera m'chipululu. Mu 1997 boma la dzikolo lidalamula kuti umoyo wa msilikali aliyense wotumizidwa kunkhondo uzilondolozedwa mwadongosolo, ndipo mu 2003 ndondomeko yotchedwa MC4 idafika ku Kuwait ndi ku Iraq. Msilikali wachipatala ankapatsidwa kakompyuta kokwana m'thumba la yunifolomu. M'menemo ankalemba nambala ya wovulala, pamene pali bala, mankhwala amene wapereka ndi nthawi yake. Cholinga chidali chakuti zimenezi zizitsogola kapena kuyendera limodzi ndi wodwalayo, kuchokera kuchipatala cha m'hema mpaka kuchipatala chachikulu cha ku Landstuhl ku Germany, kuti dokotala womulandira asayambe n'kungoganizira, ndiponso kuti patatha zaka makumi awiri munthuyo akamadzapempha chipukuta misozi, umboni udzakhalepo.

Chimene chidawakhudza kwambiri a Kalaliki ndi nkhani ya ku Congo. Nkhondo itatha mu 2003, magulu amene ankamenyana adagwirizana zophatikiza asilikali awo kukhala gulu limodzi la dziko, ndipo mtsogoleri aliyense adatchula chiwerengero cha anyamata ake. Zonse pamodzi zidaposa 300,000. Kuyambira mu 2005 nthumwi za mayiko a ku Ulaya zotchedwa EUSEC zidathandiza kuchita kalembera wojambula nkhope ndi zala za msilikali aliyense n'kumupatsa chiphaso, ndipo pamapeto pake opezeka ndi thupi ndi magazi sadakwane ngakhale theka la chiwerengero chija. Ena adali atatula pansi zida n'kubwerera kumudzi, koma ambiri adali mayina chabe, mizukwa yolandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndalama zake zikuthera m'matumba a akuluakulu pamene msilikali weniweni akugona ndi njala n'kumakalanda chinangwa cha anthu wamba. Ku Iraq nakonso, mu Novembala 2014, nduna yaikulu Haider al-Abadi idalengeza kuti yapeza mizukwa yotere 50,000.

A Kalaliki amadziwa mmene mzukwa umabadwira, pakuti ntchito yawo yonse idali yoletsa zimenezo. Sipafunika matsenga. Munthu amwalira kapena athawa usilikali, ndipo amene amayenera kujambula mzere padzina lake angozengereza mwezi umodzi, kenaka iwiri, wina n'kumasayina m'malo mwake. Siginecha imakopeka, chidindo cha ofesi chimabedwa, koma munthu mmodzi sangabweretse zala za anthu makumi asanu. Pa mfundo imeneyi iwo amavomera ndi mtima wonse kuti kachipangizo ka m'manja kamaposa rula ndi inki yawo.

Koma walira mvula walira matope. Pa 15 Ogasiti 2021 mzinda wa Kabul udagwa m'manja mwa a Taliban, ndipo patangopita masiku ochepa kudamveka kuti pakati pa katundu wosiyidwa padali makompyuta a m'manja otchedwa HIIDE, amene asilikali a America ankajambulira zala, nkhope ndi mboni ya diso, osati za oganiziridwa uchigawenga okha, komanso za omasulira, oyendetsa galimoto ndi ena owagwirira ntchito. Choopsa koposa udali kaundula wamkulu wa malipiro a asilikali ndi apolisi a dziko la Afghanistan wotchedwa APPS, amene adakhazikitsidwa pofuna kuthana ndi mizukwa yomweyi. M'kaundulayu mudali mfundo pafupifupi 40 za munthu aliyense, kuphatikizapo mayina a bambo ake, a agogo ake, a amalume ake, ndi a akuluakulu a kumudzi amene adamuikira umboni polowa ntchito. Chida chopangidwa kuti msilikali alandire malipiro ake chidasanduka mndandanda wolozera pakhomo pake ndi pamakomo a abale ake. Mu 2022 katswiri wina wa ku Germany, Matthias Marx, adagula kachipangizo ka mtundu womwewu kotchedwa SEEK II pa eBay pamtengo wa madola 68 okha, ndipo m'kati mwake adapezamo mayina, zithunzi, zidindo za zala ndi za maso za anthu 2,632, ambiri a ku Afghanistan ndi ku Iraq.

Apa m'pamene funso lawo la kiyi wa kabati lidabwereranso. Pamaphunziro a ukalaliki adauzidwa kuti kampu ikakhala pafupi kulandidwa, ntchito yomaliza ya kalaliki ndi kutentha mapepala. Pepala ndi lolemera: mdani akafuna kuba mayina a asilikali 5,000 ayenera kubwera ndi lole, ndipo akatero ayenera kupeza anthu okhala pansi n'kuwerenga tsamba ndi tsamba. Kufooka konse kumene iwo ankadandaula nako, kuchedwa, kupsa msanga, kusokonekera kwa zilembo, nthawi zina n'kumene kwapulumutsa anthu. Munthu wothawa angasinthe dzina, angang'ambe chitupa, angamete ndevu. Koma zala ndi maso ake amayenda nazo mpaka kumanda.

Sikuti iwo amaliyeretsa pepala. Amakumbukira bwino chaka cha 1994, pamene ku Rwanda zitupa zamapepala wamba, zolembedwa mtundu wa munthu, zidasankha woti aphedwe ndi woti adutse pa zipata za m'misewu. Kumeneko kudalibe kompyuta ya m'manja. Kudali mzere umodzi wokha pachitupa umene sudayenere kukhalapo, ndipo kalaliki wina, zaka zambiri m'mbuyomo, adaudzaza mokhulupirika ndi dzanja lokongola. Motero maganizo awo adafika poti kulimbana kwenikweni sikuli pakati pa pepala ndi makina. Kuli pa mafunso amene kalaliki wakale ankayenera kudzifunsa ndipo wamakono ayenera kudzifunsa koposa: kodi ichi chiyeneradi kulembedwa, adzachiwerenga ndani, ndipo chidzafufutidwa liti? Gulu lankhondo liyenera kudziwa mtundu wa magazi a msilikali ndi munthu wokamuuza zovuta zikagwa. Mayina a amalume ake alibe nawo ntchito. Pakabati yachitsulo, malo okha ankamukakamiza kalaliki kusankha zosunga. Kachipangizo sikadzaza, choncho amene akukagwiritsa ntchito amakopeka kufunsa chilichonse, poganiza kuti mwina chidzafunika tsiku lina, osaganiza kuti tsikulo lingadzakhale la mdani.

Pali chinanso chimene amachinena akamacheza ndi anzawo opuma usilikali. Kaundula wa mu 1950 akapulumuka ku chiswe amawerengeka ndi maso okha, dzuwa likuwala. Koma timadisiki timene tidayamba kulowa m'maofesi iwo ali pafupi kupuma, lero n'kovuta kupeza makina otitsegulira, ngakhale sitidathe zaka makumi anayi. Kompyuta ya m'manja imafuna batire, batire limafuna magetsi, ndipo nkhondo sichitikira pafupi ndi soketi. Galasi lake silimva chala chonyowa ndi magazi kapena matope. Ngakhale asilikali a America, ndi chuma chawo chonse, sadataye kakhadi kachipatala kotchedwa DD 1380, kamene amamangirira pa wovulala n'kulembapo ndi cholembera. Ndipo asilikali a mayiko ambiri amavalabe m'khosi tizitsulo todindidwa dzina ndi nambala, timene sitifuna netiweki. Chatsopano chabwera, koma anzeru sadathamangire kuotcha chakale.

Mu Novembala 2018 asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi, amene ankasungitsa mtendere pansi pa bungwe la United Nations, adaphedwa pomenyana ndi zigawenga kufupi ndi Beni, kummawa kwa Congo. Uthenga udafika m'dziko muno mwamsanga, mayina awo adadziwika, ndipo mabanja awo adauzidwa. A Kalaliki adalira nawo malirowo ngati msilikali mnzawo, koma m'kati mwa chisonicho adaona kusiyana kwa zaka zana limodzi. Anyamatawa adafera kutali ngati mmene adafera agogo awo, komabe sadasowe. Padali kaundula wowadziwa, ndipo padali wina woti atsegule kaundulayo n'kunena kuti uyu ndi mwana wa uje, wa m'mudzi wakuti. Kwa munthu amene adakula akumva agogo ake aakazi akutchula mwamuna amene palibe buku lililonse lomudziwa, chimenechi si chaching'ono, ndipo chipangizo chilichonse chothandiza kuti chizichitika mwachangu ndi molondola iwo sangachikane. Chimene amakana n'chakuti munthu akhulupirire chipangizocho mpaka kuiwala kuti kaundula aliyense amakhala ndi tsiku logwera m'manja mwa amene sadamulembe.

Chilimwe chathachi adagula kope la ana asukulu la masamba 32 n'kuitanitsa mdzukulu wawo uja. Adakhala pakhonde masana onse. Iwo ankanena, mtsikanayo akulemba m'foni yake, ndipo iwonso akulemba zomwezo m'kopemo ndi dzanja lawo lonjenjemera koma loongoka: dzina la agogo awo, mfunda wawo, mudzi, mfumu ya nthawi imeneyo, dzina la mkazi amene adamusiya, chaka chimene adatengedwa, ndi mawu a mnzawo uja wobwerera monga mmene banja lidawasungira. Adalamula kuti za m'fonizo zitumizidwe kwa mwana wawo wa ku Mzuzu ndi kwa mdzukulu wina wa ku Johannesburg, kuti pakhale makope atatu monga mwa mwambo wa ntchito. Manambala a zitupa ndi a mafoni a amoyo adakana kuti alembedwemo.

Pamunsi patsambalo adalemba mizere iwiri yomaliza, wina wa tsiku lomwalira, wina wa malo a manda. Mtsikanayo, amene adamva kambirimbiri za lamulo la sajeni wakale uja, adawapatsira rula.

"Jambulanipo mzere agogo, wina angadzalembepo."

A Kalaliki adailandira rulayo n'kuiika pambali.

"Pamenepa pokha pasiyeni, akazi anga. Alipo amene akufufuzabe m'mabuku a ku London ndi ku Zomba. Mwina wina adzalembapo."